Akufuna kugula kampani yathu ya pa intaneti: tiwauze kuti nambala za makasitomala zinabedwapo?

Funso: Ine ndi mnzanga tinayambitsa kampani yogulitsa matikiti a basi pa foni ndi pa intaneti. Anthu amalipira pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo tilinso ndi makasitomala ku Joni, ku Ireland ndi ku Britain amene amagulira abale awo matikiti kuno. Kampani ina yaikulu ya ku Johannesburg ikufuna kutigula. Maloya awo atitumizira mafunso ambirimbiri okhudza mayina ndi nambala za makasitomala: timazisunga kuti, amaziona ndani, zinabedwapo kapena ayi. Chaka chatha mnyamata amene ankatigwirira ntchito anachoka atakopera mndandanda wonse wa makasitomala. Sitinauze aliyense, ndipo palibe amene anadandaula. Mnzanga akuti tingoyankha kuti sizinabedwepo, chifukwa tikanena atitsitsira mtengo. Kodi mafunso amenewa si njira yongofuna kutigula motchipa? Mayi wa bizinesi, Lilongwe.

Yankho: Mayi, auzeni. Auzeni m'kalata, musanasayine pepala lililonse. Mnzanuyo sakunama kuti mtengo ukhoza kutsika, ukhoza kutsikadi. Koma ndalama imene mungataye poulula lero mukhoza kuiwerenga ndi kuinenerera mpaka mutagwirizana. Imene mungataye nkhaniyi ikadzaphulika yokha mutagulitsa kale, palibe angakuuzeni kukula kwake, ndipo pa nthawiyo ogulawo adzakhala atakusumirani kukhoti. Ndikufotokozereni zimene zinachitikira Yahoo, chifukwa nkhani yake ikufanana kwambiri ndi yanu, ngakhale ndalama zake n'zosayerekezeka.

Amene anatsegula imelo yawo yoyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akukumbukira kukula kwa Yahoo. Mu 2008 Microsoft inafuna kuigula pa madola 44.6 biliyoni, eni ake anakana. Pofika mu Julayi 2016 inali itafooka, ndipo Verizon, kampani ya mafoni ya ku America, inagwirizana zogula bizinesi yake ya pa intaneti pa madola 4.83 biliyoni. Mapepala anasayinidwa koma ndalama zinali zisanaperekedwe, pakuti pa malonda aakulu chonchi pamadutsa miyezi kuchokera tsiku losayina kufika tsiku lomaliza zonse.

Patangotha miyezi iwiri, mu Sepitembala 2016, Yahoo inalengeza kuti mu 2014 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta ake n'kutenga mbiri ya maakaunti osachepera 500 miliyoni: mayina, maimelo, nambala za foni, masiku obadwa, ndi mafunso aja amene munthu amayankha akaiwala pasiwedi. Mu Disembala chaka chomwecho inalengezanso kuba kwina, kwa mu 2013, kokhudza maakaunti 1 biliyoni. Verizon inafuna kuti akambiranenso. Mu Febuluwale 2017 mtengo unatsika ndi madola 350 miliyoni kufika pa 4.48 biliyoni. Anagwirizananso kuti ndalama za milandu ina azigawana pakatikati, koma milandu ya eni masheya inatsalira mbali ya Yahoo imene sinagulitsidwe, yomwe inadzatchedwa Altaba. Malonda anatha mu Juni 2017, ndipo mu Okutobala zinadziwika kuti kuba kwa 2013 kunakhudza maakaunti onse, 3 biliyoni.

Mnzanu akamva izi anena kuti: mwaona, anaulula, mtengo unatsika. Koma taonani pamene panavuta kwenikweni. Mu Malichi 2017 boma la America linatsegulira mlandu anthu anayi pa kuba kwa 2014, ndipo awiri mwa iwo anali ogwira ntchito ku FSB, bungwe la zachitetezo la Russia. Ndiye kuti Yahoo inaberedwa ndi akatswiri amene kampani iliyonse ikanavutika nawo. Komabe mu Epulo 2018 Securities and Exchange Commission, bungwe loyang'anira msika wa masheya ku America, linalipiritsa Altaba chindapusa cha madola 35 miliyoni. Mlandu wake unali wa kusaulula. Bungwelo linapeza kuti ogwira ntchito zachitetezo ku Yahoo anadziwa za kubako patangopita masiku ochepa, anauza akuluakulu ndi maloya a kampani, koma kwa zaka pafupifupi ziwiri malipoti opita kwa eni masheya ankanena za kubedwa kwa mbiri ya makasitomala ngati chinthu chimene chikhoza kudzachitika, chikhalirecho chinali chitachitika kale. Ndipo m'pangano lenilenilo logulitsa kwa Verizon munalembedwa kuti kampani sikudziwa za kuba kulikonse kwakukulu kwa mtundu umenewu. Pambuyo pake panabwera madola 80 miliyoni olipira eni masheya amene anasumira, ndi madola 117.5 miliyoni olipira eni maakaunti. Loya wamkulu wa kampani, Ronald Bell, anatula pansi udindo, ndipo mkulu wa kampani, Marissa Mayer, anamanidwa bonasi yake.

Yankho limene mnzanu akufuna mulembe ndi lomwe lija linalembedwa m'pangano la Yahoo. Ndikunena izi mwamphamvu chifukwa anthu ambiri amaona mafunso a maloya ngati fomu yongodzaza, osadziwa kumene mayankhowo amakathera.

Amakathera m'pangano logulitsa. Muli gawo lalitali la malonjezo a wogulitsa: kuti misonkho yonse inalipidwa, kuti palibe mlandu kukhoti kapena umene ukubwera, kuti pulogalamu ndi ya kampani, kuti kampani yatsatira malamulo oteteza mbiri ya anthu, ndi kuti palibe amene anatengapo mbiri ya makasitomala popanda chilolezo. Lonjezo lililonse likapezeka labodza, ogula ali ndi ufulu wofuna kuti mubweze ndalama. Koma pambali pa panganolo pamakhala kalata ina, imene wogulitsa amalemba, youlula zonse zimene sizikugwirizana ndi malonjezowo. Kalata imeneyi ndiye chishango chanu. Chimene mwachiulula momveka bwino m'menemo, ogula amagula akuchidziwa, ndipo sangadzabwere n'kunena kuti munawanamiza. Mukachisiya, chimakhala ngongole yanuyanu ngati munthu, ngakhale kampani ili kale m'manja mwa ena.

Pali chinthu china chimene mnzanu ayenera kumva. Loya wabwino wa wogulitsa amamenyera kuti udindo wanu ukhale ndi malire: ndalama zimene angakufunseni zisapitirire pakutipakuti, ndipo pakatha chaka kapena ziwiri asadzabwerenso ndi madandaulo. Malire amenewa ndi ofunika kwambiri kwa munthu amene wagulitsa bizinesi n'kugwiritsa ntchito ndalamazo kumanga nyumba kapena kuyamba china. Koma mapangano otere nthawi zonse amasiya khomo lotsegula pa chinyengo: wogulitsa akanama akudziwa, malire onse aja amagwa. Inu mukudziwa za mnyamata uja, mnzanu akudziwa, ndipo mwina munalemberanapo pa WhatsApp tsiku limene munazindikira. Kulemba "ayi" pamenepa sikungatchedwe kuiwala.

Ndipo kubisa kumatha kufika pa munthu mmodzimmodzi. Mu 2016 akuba anatenga mbiri ya anthu 57 miliyoni ku Uber, kampani ya ku America yoitanira galimoto pa foni, okwera ndi madalaivala omwe. Kampani inawalipira madola 100,000 kuti afufute zimene anaba ndi kukhala chete. Zinaululika mu Novembala 2017. Chaka chotsatira Uber inalipira madola 148 miliyoni ku maboma a zigawo za America, ndipo mu 2022 Joe Sullivan, amene anali mkulu wa zachitetezo, anapezeka wolakwa kukhoti chifukwa chobisa nkhaniyo pamene boma linkafufuza kampaniyo.

Mwati palibe amene anadandaula. Mlandu suwola, Mayi. Mndandandawo ukadali m'manja mwa mnyamatayo, kapena mwa amene anawagulitsa. Akatswiri a ogula akadzayamba kuyang'ana m'maseva anu akhoza kuona tsiku limene munthu wina anakopera zonse kamodzi. Akadzacheza ndi antchito anu, wina adzatchula. Ndipo mnyamatayo akadzamva kuti kampani yagulitsidwa ndalama zambiri, adzakhala ndi chingwe chokukokerani nacho: mundipatse kangachepe, apo ayi ndikawauza. Mukaulula nokha, chingwecho chaduka.

Koma chimene chikundivuta kwambiri m'kalata yanu si mtengo wa kampani. Ndi anthu amene ali pa mndandandawo. Tonse tikudziwa mauthenga ndi mafoni a anthu akuba amene amati tumizani ndalama pa nambala iyi. Ambiri timawazindikira chifukwa sadziwa kanthu za ife. Tsono ganizirani wakuba amene ali ndi dzina la mayi wina, nambala yake, basi imene amakwera popita kumudzi, ndi nambala ya mwana wake wa ku Joni amene amamugulira tikiti. Akaimbira mwanayo n'kunena kuti mayi anu achita ngozi pa msewu wakutiwakuti, tumizani ndalama ya kuchipatala msanga, mwanayo atumiza. Sadzabwera kudzadandaula kwa inu, chifukwa sadzadziwa kuti zinachokera kwa inu. N'chifukwa chake kusowa kwa madandaulo sikukunditonthoza mtima, ndipo makasitomala anu akuyenera kuchenjezedwa kaya mugulitsa kaya simugulitsa.

Tsopano funso lanu lenileni: kodi mafunsowa ndi ofuna kukugulani motchipa? Pang'ono, inde. Wogula aliyense amagwiritsa ntchito chilema chimene wachipeza ponenerera mtengo. Koma mantha awo ndi enieni, ndipo maloya awo akuidziwa nkhani ya Marriott. Kampani ya mahotela imeneyi inagula Starwood mu 2016, osadziwa kuti akuba anali kale m'makompyuta osungitsira zipinda a Starwood kuyambira 2014. Zinadziwika mu 2018, mbiri ya alendo pafupifupi 339 miliyoni itakhudzidwa. Information Commissioner's Office, bungwe loteteza mbiri ya anthu ku Britain, poyamba inati ilipiritsa mapaundi 99 miliyoni, ndipo mwa zina inati Marriott sinafufuze mokwanira pogula. Pomaliza, mu 2020, chindapusa chinakhala mapaundi 18.4 miliyoni. Wolipira anali wogula, pa vuto limene analipeza m'nyumba imene anagula.

Zimatero chifukwa cha mmene makampani amagulidwira. Mukagula minibasi, mwagula minibasi. Mukagula kampani imene ili ndi minibasiyo, mwagulanso ngongole ya mafuta, mlandu wa dalaivala amene anachotsedwa ntchito mosatsata malamulo, ndi chipepeso cha munthu amene anagundidwa chaka chatha koma sanasumirebe. Ngati a ku Johannesburg akugula masheya anu, kampani ikupita kwa iwo ndi zonse zimene inachita kuyambira tsiku limene munailembetsa. Ngati akugula katundu yekha, monga pulogalamu, dzina ndi mapangano, milandu yakale itsalira m'kampani yanu. Funsani msanga kuti akufuna njira iti mwa ziwirizi, chifukwa zambiri zimene muzikambirana zidalira pamenepo.

Malamulo amene akukukhudzani ndi a mayiko angapo, ndipo apa m'pamene makampani a pa intaneti amasiyana ndi golosale: sitolo yanu ili ku Lilongwe, koma makasitomala ali kulikonse kumene kuli foni. Kuno kwathu, ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko imateteza zinsinsi za munthu aliyense. Mu 2024 kunabwera Data Protection Act, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Limafuna kuti mbiri ya anthu itengedwe pa chifukwa chodziwika, isungidwe motetezeka, ndipo ikabedwa akuluakulu adziwitsidwe. Loya wanu ayang'ane tsiku lenileni limene mnyamatayo anakopera mndandanda, aone kuti udindo wanu pa tsikulo unali wotani. Palinso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, imene imaletsa kulowa kapena kutenga zinthu za m'kompyuta popanda chilolezo. Pamenepo wolakwa ndi mnyamatayo, ndipo inu ndinu odandaula.

Ogula anu ali pansi pa POPIA, lamulo la ku South Africa limene linayamba kugwira ntchito kotheratu pa 1 Julayi 2021. Chindapusa chake chimafika marandi 10 miliyoni, ndipo limakakamiza kampani kudziwitsa Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, komanso anthu okhudzidwa mbiri yawo ikabedwa. Mndandanda wanu ukangolowa m'makompyuta awo ku Johannesburg, udindo umenewu wawagwera. Makasitomala a ku Ireland amabweretsa GDPR, lamulo la European Union limene linayamba pa 25 Meyi 2018. Lamuloli limatsatira kampani ya kunja ngati ikugulitsa mwadala kwa anthu okhala ku Ulaya. Kungoti tsamba lanu limatseguka ku Dublin sikokwanira. Koma ngati munaikapo malonda m'magulu a Amalawi okhala kumeneko, kapena mumalandira mayuro, ndiye kuti mwawafuna dala. GDPR imapereka maola 72 odziwitsira akuluakulu, ndipo chindapusa chimafika mayuro 20 miliyoni kapena magawo 4 pa 100 alionse a ndalama zonse zimene kampani yapeza pa chaka padziko lonse. Britain ili ndi lamulo lake lofanana nalo. Kunena zoona, sindikuganiza kuti a ku Dublin angathamangitse kampani yaing'ono ya ku Lilongwe. Koma kampani yaikulu yogwira ntchito m'mayiko ambiri ili ndi chuma chogwirika, ndipo n'chifukwa chake maloya awo akufunsa zimene inu simunafunsidwepo.

Musanayankhe mafunsowo, konzani zimene zingakonzeke. Lembani zimene zinachitika: liti, anthu angati, ndipo pa mndandandapo panali chiyani. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mayina ndi nambala za foni zokha, ndi mndandanda wokhala ndi nambala za ziphaso za unzika kapena za makhadi a kubanki. Onetsetsani kuti akaunti ya mnyamatayo inatsekedwa, mapasiwedi onse amene ankawadziwa anasinthidwa, ndipo wantchito mmodzi sangathenso kukopera zonse popanda wina kudziwa. Loya wanu amulembere kalata yofuna kuti abweze ndi kufufuta zimene anatenga, ndipo mukambirane zopita kupolisi. Dziwitsani MACRA ndi makasitomala. Wogula akaona vuto limene lili ndi tsiku, chiwerengero, makalata ndi njira zimene munatsata, amatha kuliikira mtengo. Akamva mphekesera chabe, amaganiza zoipitsitsa ndipo amatsitsa mtengo molingana ndi zoipitsitsazo.

Pokambirana, yesetsani kuti asatsitse mtengo. Apempheni kuti m'malo mwake gawo la ndalama lisungidwe pambali, m'manja mwa loya kapena banki imene nonse mwagwirizana, kwa nthawi yodziwika. Pakabuka mlandu wokhudza mndandandawo, alipire kuchokera pamenepo. Pakapanda kubuka kanthu, ndalamazo zibwere kwa inu. Mtengo ukatsitsidwa wapita, koma ndalama yosungidwa imabwerera. Njira imeneyi ili yotseguka kwa wogulitsa amene waulula yekha. Wogwidwa akubisa sapatsidwa mwayi wosankha.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma ikukudikirani. Chimene a ku Johannesburg akufuna kwenikweni mwina si pulogalamu yanu, pakuti akhoza kulemba yawo. Ndi makasitomala anuwo. Kodi muli ndi ufulu wowapereka? Werengani zimene munalonjeza anthu polembetsa. Mu 2000 Toysmart, sitolo ya zidole ya pa intaneti ku America, inagwa n'kuika mndandanda wa makasitomala pamalonda, chonsecho inali italonjeza kuti sidzaupereka kwa wina aliyense. Federal Trade Commission, bungwe la boma la America loteteza ogula, inaisumira, ndipo pamapeto pake mndandandawo unafufutidwa. Facebook italengeza zogula WhatsApp mu 2014 pa madola 19 biliyoni, bungwe lomwelo linalembera makampani awiriwo kuwakumbutsa kuti malonjezo a WhatsApp kwa anthu akhalabe amoyo ngakhale mwini wasintha. Facebook inauzanso European Commission, nthambi yoyendetsa European Union, kuti singathe kulumikiza modalirika maakaunti a anthu a WhatsApp ndi a Facebook. Mu 2016 inayamba kulumikiza nambala za foni, ndipo mu Meyi 2017 inalipiritsidwa mayuro 110 miliyoni chifukwa chopereka uthenga wosocheretsa pa nthawi yogula.

Choncho ngati tsamba lanu limati sitidzapereka nambala yanu kwa wina aliyense, mawu amenewa ndi pangano, ngakhale munangowakopera pa tsamba la ena pamene munkayamba. Chimodzimodzi ntchito imene nambala inaperekedwera. Twitter inalipira madola 150 miliyoni mu 2022 chifukwa nambala za foni ndi maimelo amene anthu anapereka poteteza maakaunti awo anagwiritsidwa ntchito posankha malonda owaonetsa. Munthu amene anakupatsani nambala kuti alandire tikiti sanavomere kulandira mauthenga a inshuwalansi kapena a ngongole ochokera kwa eni atsopano. Ngati ndiwo malingaliro a ogulawo, afunika kupempha chilolezo chatsopano kwa anthu, ndipo ndi bwino zimenezi zilembedwe m'pangano kuti dzina lanu lisadzadetsedwe ndi zochita za ena.

Ndipo chonde, pa nthawi ino yofufuzana musawapatse mndandanda weniweniwo. Apatseni ziwerengero: makasitomala alipo angati, angati amagula mwezi ndi mwezi, ali m'mayiko ati. Akafuna kuona chitsanzo, chotsani mayina ndi nambala. Kutumiza mndandanda wonse kwa kampani imene sinakugulenibe ndi kubwereza zimene mnyamata uja anachita, koma ndi dzanja lanu. Kumbukiraninso kuti iwo akhoza kusintha maganizo, n'kubwera ku Malawi paokha ngati opikisana nanu, atawerenga mabuku anu onse. Asayine pangano losunga chinsinsi musanawaonetse kanthu, lokhala ndi mawu oletsa kukunyengererani antchito, ndipo zinthu zamtengo wapatali, monga mitengo imene munagwirizana ndi eni mabasi, muzitulutse kumapeto, pamene zaoneka kuti akuguladi.

Za mnyamatayo ndili ndi funso lina. Kodi analembako pulogalamu yanu? Ngati analemba, analipo pa kontirakiti yotani? M'malamulo a mayiko ambiri, zimene wantchito wolembedwa walemba pa ntchito yake zimakhala za kampani, koma zimene walemba munthu waganyu zimakhalabe zake pokhapokha atasayina kuti wazipereka. Makampani aang'ono ambiri anayamba ndi mnzawo wodziwa kompyuta amene analipidwa pamanja popanda pepala. Ogula adzafuna kuona pepala la munthu aliyense amene anakhudza pulogalamuyo. Ngati lake palibe, kalata ya loya ija ikhudze nkhani ziwiri zonse, ndipo muganize bwino za ndondomeko yake musanapite kupolisi, pakuti mukufuna siginecha ya munthu yemweyo amene mukumudandaula.

Zina ndingodutsamo. Werengani mapangano anu ndi eni mabasi ndi makampani olipirira pa foni, muone ngati muli mawu olola mbali inayo kuthetsa pangano eni kampani akasintha. Ngati alimo, chilolezo chawo chifunika malonda asanathe. Misonkho ya ku MRA ndi penshoni ya antchito zikhale zolipidwa ndi malisiti ake. Dzina la tsamba lanu la pa intaneti ndi maakaunti a Facebook zikhale m'dzina la kampani, osati la mlamu amene anakuthandizani kutsegula.

Chilolezo cha boma nacho musachiiwale. Competition and Fair Trading Commission ili ndi mphamvu younika kugulana kwa makampani kuno, ndipo bungwe la COMESA loona za mpikisano pa malonda, limene likulu lake lili mu Lilongwe momwemo, limaunika malonda okhudza mayiko angapo a m'chigawochi. South Africa sili mu COMESA, koma ngati ogula anu amachita bizinesi ku Zambia kapena ku Kenya, loya aone ngati pakufunika kudziwitsa bungwelo. Kampani yaing'ono nthawi zambiri imadutsa popanda vuto, koma pangano linene chimene chidzachitike chilolezo chikakanidwa kapena kuchedwa. Facebook inagula Giphy, tsamba la zithunzi zoyenda, mu 2020 pa madola oposa 300 miliyoni, Competition and Markets Authority, bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain, inalamula kuti iigulitse, ndipo mu 2023 Giphy inapita kwa Shutterstock, kampani yogulitsa zithunzi, pa madola 53 miliyoni okha. Adobe, kampani ya mapulogalamu ojambulira pa kompyuta, inafuna kugula inzake yotchedwa Figma pa madola 20 biliyoni. Malondawo atalephereka mu Disembala 2023 chifukwa cha akuluakulu oona za mpikisano ku Ulaya ndi ku Britain, Figma inalandira dola 1 biliyoni, chifukwa inali italembetsa zimenezo m'pangano kuyambira pachiyambi. Inu simungapemphe biliyoni, koma mukhoza kupempha kuti akatuluka popanda cholakwa chanu abweze ndalama zimene mwalipira maloya ndi owerengera ndalama.

Pezani loya wanu amene anagwirapo ntchito yogulitsa kampani. Maloya a ku Johannesburg akhoza kukhala aulemu ndi othandiza, koma akulipidwa ndi wogula, ndipo pangano limene alembe likondera wogula.

Chovuta kwambiri chikhala kukambirana ndi mnzanuyo, chifukwa malonjezo aja musayina nonse awiri. Mapangano ambiri amanena kuti ogulitsa ali ndi udindo onse pamodzi komanso aliyense payekha. Tanthauzo lake ndi lakuti bodza likadzaululika, ogula akhoza kumusiya mnzanuyo, ngati ndalama zake zatha kapena wasamukira kunja, n'kubwera kwa inu nokha kudzafuna ndalama yonse. Menyerani kuti aliyense ayankhe pa gawo lake la masheya lokha. Mutengeni mnzanuyo mupite naye kwa loya, amve yekha kusiyana kwa ndalama yosungidwa pambali ndi mlandu wa chinyengo. Akakanabe, inu musasayine pepala la mayankho limene lili ndi "ayi" pa funso limenelo, ndipo mumulembere iye ndi loya wanu kalata yonena chifukwa chake, yokhala ndi tsiku.